Beni: Mmene Perete wa Nkhondo Anasandukira Gule wa ku Mangochi

Magule ambiri a kwathu kuno alibe tsiku lobadwa. Ukafunsa akuluakulu kuti Gule Wamkulu kapena manganje zinayamba liti, amangoti tinazipeza, makolo athunso anazipeza. Beni ndi wosiyana. Mbiri yake tikhoza kuilondola kuchokera kugombe la nyanja ya mchere mpaka kwa Mponda, kwa Makanjira ndi ku Namwera, ndipo zaka zake sizinakwane 150. Ndi gule wamakono, wokhala ndi gulu lokhazikika, maudindo, zovala zakezake, masiku okonzekera ndi anthu owonera amene amafupa. Kumaiko akunja, magulu otere amawamangira nyumba zoonetseramo masewero n'kumawalipira pamwezi. Ine ndimakhulupirira kuti anthu a kumwera kwa nyanja ya Malawi anaumba luso la mtundu womwewo kalekale, ndipo analiumba pa nthawi imene mitima yawo inali yodzaza ndi maliro.

Njira imene beni anadzera inalambulidwa ndi amalonda. Kuyambira zaka za m'ma 1700 Ayao ankayenda miyezi kupita ku Kilwa atasenza minyanga ya njovu, kenako ankagulitsanso akapolo, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Pofika m'ma 1870 mafumu monga Mponda ndi Makanjira anali atakhazikika kumwera kwa nyanja, zombo zikuwoloka, Chiswahili chikumveka m'mabwalo awo, Chisilamu chikuzika mizu. Mu 1891 mtsamunda Harry Johnston anamanga linga pafupi ndi mudzi wa Mponda, lomwe linatchedwa Fort Johnston, ndipo pofika 1895 mafumu Makanjira ndi Jalasi anali atagonja. Ana a ogonjawo ndiwo anachuluka m'gulu la asilikali a atsamunda, limene mu 1902 linakhala King's African Rifles, likulu lake la kuno lili ku Zomba.

Beni mwiniwakeyo anabadwira m'matauni a Aswahili monga Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890. Anthu a kumeneko anali kale ndi mwambo wopikisana pa magule: mbali ziwiri za tauni imodzi zinkalimbana pa nyimbo, pa zovala ndi pa kuchuluka kwa chakudya chodyetsa alendo. Ataona mabandi a malipenga a pa sitima zankhondo, a Sultan wa ku Zanzibar ndi a ku mishoni, anatenga kaguba ndi kavalidwe kawo n'kukalowetsa mu mpikisano wakale uja. Dzina loti beni linachokera ku mabandi omwewo. Ku Mombasa kunali magulu monga Kingi ndi Scotchi, pamene m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, kunabuka Marini ndi Arinoti, okhala ndi nthambi ku Tanga, ku Dar es Salaam mpaka kumtunda. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger anatsata zonsezi m'buku lake la 1975, ndipo aliyense wolemba za beni amaponda m'mapazi ake.

Zikanathera pomwepo, beni akanakhala masewero a anyamata a m'matauni a kugombe basi. Chimene chinamufikitsa kuno n'kumusintha mtima ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene agogo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya chifukwa cha mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Mangochi sanaionere patali nkhondo imeneyi. Pakati pa mwezi wa Ogasiti 1914, sitima ya Guendolen, imene kwawo kunali ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, inawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli. Mfuti ya sitimayo ilipobe mpaka lero pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kunaphulika nkhondo ku Karonga. Kuchokera apo Fort Johnston inasanduka khomo lodzera chilichonse chopita kunkhondo: asilikali, ufa, mpunga, zipolopolo ndi mankhwala zinkakwera sitima pamenepa, ndipo ngakhale Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican, inatengedwa kuti izinyamula ankhondo. Mu Novembala 1917 mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma n'kulowa m'dziko la Apwitikizi, nkhondo n'kufika kuseri kwenikweni kwa mapiri a Namwera. Anadzatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918.

Melvin Page, yemwe anayenda m'midzi kufunsa okalamba amene anaiona nkhondoyo, amawerengera kuti dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000. Ambiri mwa amtengatengawo sanapite mwakufuna kwawo. Ankagwidwa m'midzi, mafumu ataopsezedwa, n'kusenzetsedwa katundu wolemera mtunda wautali, mvula ili pamsana, chakudya chili chochepa. Kamwazi, malungo ndi njala zinapha ambiri kuposa zipolopolo. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya mu Novembala 1914 kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo. Opulumuka atabwerera kumudzi anapezanso mliri wa fuluwenza wa 1918 ukusesa anthu.

M'misasa ya nkhondo yomweyo ndi mmene anthu a kuno anakumanirana ndi beni. Asilikali akuda a mbali zonse ziwiri ankamuvina, ndipo Chiswahili chinali chilankhulo chowalumikiza. Myao wa kwa Makanjira sanafune womasulira kuti amve nyimbo za msilikali wa ku Tanga. Pobwerera kwawo anabwera ndi guleyo pamodzi ndi dongosolo lake lonse: mfumu ya gulu yotchedwa kingi, akuluakulu a asilikali, masajeni, makopolo, ngakhale dokotala ndi anamwino. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma apa wobwera ndi kalumoyo anali mwana wa pamudzi pomwepo, wobwerera ali wowonda ndiponso ataona zinthu zosasimbika.

Funso limene lavutitsa olemba ambiri ndi lakuti: n'chifukwa chiyani munthu wozunzidwa ndi usilikali angabwere kumudzi n'kumavina zausilikali? Ena amati kunali kusirira Azungu ndi kuwatsanzira. Ena amati kunali kuwanyogodola. Ine mayankho onse awiriwa sandikhutiritsa, chifukwa onse amaika Mzungu pakati pa bwalo, pamene pabwalo la beni Mzungu panalibe. Taganizirani za mtengatenga amene kwa zaka ankangolamulidwa, wenzulo ikalira iye n'kudzuka, ikaliranso iye n'kusenza. Pabwalo la kwawo wenzulo ija ili pakamwa pake. Maudindo akugawa ndi anzake, malamulo akupanga okha, wolakwa akumulipiritsa okha. Mu King's African Rifles ya nthawi imeneyo kunali kovuta kwambiri kuti munthu wakuda afike pa udindo wa ofesala, koma mu beni mlimi wamba ankatha kukhala kazembe wa gulu lonse. Anthuwa anatenga chinthu chimene chinawapweteka, n'kuchiphwasula, n'kuchimanganso kuti chiziwatumikira iwo. Anasunga mizere yowongoka, kusunga nthawi ndi kunyadira ukhondo wa zovala. Chikoti ndi imfa anazisiya kunkhondo konko.

Choncho tikamagawa ulemu tiyenera kugawa mwachilungamo. Aswahili a ku Lamu ndi Mombasa ndiwo anayambitsa, ndipo palibe wowalanda zimenezo. Asilikali a King's African Rifles ndiwo ananyamula. Koma ulemu waukulu ndimaupereka kwa anthu awiri amene mabuku sawatchula kawirikawiri: mtengatenga wopanda mendulo, ndi mayi wa kumudzi woimba nyimbo. Beni wa kugombe ankafuna malipenga achitsulo ndi ndalama zambiri. Wa kuno analibe zimenezo, choncho anabwerera ku ng'oma za chikopa ndi kukhosi kwa amayi, nyimbo n'kulowa m'Chiyao. Kusintha kumeneku ndiko kunamupulumutsa. Kugombe kuja beni anafooka m'kupita kwa zaka, pamene ku Mangochi ndi ku Machinga adakali moyo.

Atsamunda ndi amishoni sanamukonde. Gulu la anthu akuda lokhala ndi maudindo, thumba la ndalama ndi nthambi zolemberana makalata linkawasowetsa tulo, makamaka popeza kuukira kwa Chilembwe kwa 1915 kunali kusanaiwalike. Mantha awo sanali opanda maziko, ngakhale anaphonya pomwe panali mphamvu yeniyeni ya guleyu. Magulu a beni ankathandizana pa matenda, pa maliro ndi polandira mlendo wofika kudera lachilendo. Pamene ogwira ntchito m'migodi ya kopa ku Northern Rhodesia ananyanyala ntchito mu 1935, boma linaloza chala magulu a beni, amene kumeneko ankatchedwa mbeni, kuti ndiwo ankafalitsa uthenga. Kumeneko kunadzabukanso gule wa kalela, amene katswiri J. Clyde Mitchell analemba za iye mu 1956. Kuno kwathu mbewu ya perete wa asilikali inamera mosiyanasiyana: malipenga pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay, ndi zipenga zawo za zikho ndi zovala zoyera mbee, komanso mganda m'chigawo chapakati. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, imene inafikitsa asilikali athu mpaka ku Burma, inawonjezera zovala zatsopano ndi nyimbo zatsopano.

Amene anaonapo beni pafupi amadziwa kuti si kuguba chabe. Ng'oma yaikulu ikayamba kugunda, ovina amalowa pamzere atavala makhaki, zipewa zausilikali ndi majombo, pachifuwa pali timamendulo tosokerera. Wotsogolera amaliza wenzulo kamodzi, mapazi onse n'kumenya pansi nthawi imodzi, fumbi kobo. Kenako mmodzi amachoka pamzere. Amaumitsa khosi, kutong'ola maso, kuchita sawasha ngati waona bwana wamkulu, mwadzidzidzi n'kuyamba kunjenjemeretsa mapewa ndi chiuno mwa njira imene palibe sajeni wa ku Zomba akanailola. Amayi amaluluta, wina n'kuthamanga kukamufupa. M'mphindi zochepazo muli sewero, nthabwala, nyimbo ndi ukatswiri wa thupi. Zimenezi sizibwera mwangozi. Zimafuna madzulo ambiri okonzekera kuseri kwa mudzi, ndi mtsogoleri wodziwa kudzudzula wophonya sitepe.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, beni anapeza bwalo latsopano pamisonkhano ya ndale ndi pa zikondwerero za boma. Zinamuthandiza kutchuka dziko lonse, koma zinamuchepetsanso. Gule amene kale ankadzilamulira yekha, ndi mipikisano ya mudzi ndi mudzi yotenga tsiku lathunthu, anasanduka wa mphindi zochepa mlendo wolemekezeka asanayambe kulankhula. Lero amavinidwanso m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, ndipo nthawi zambiri ovina amabwerera kwawo ndi kangachepe pamene alendo atenga zithunzi zodzaza mafoni.

Apa mpomwe nkhani ya maiko ena imandipatsa maganizo. Cirque du Soleil, gulu la circus lodziwika padziko lonse, linayamba ndi achinyamata ochita masewero m'misewu ya kamtauni ka Baie-Saint-Paul ku Quebec, m'dziko la Canada. Mmodzi wa iwo, Gilles Ste-Croix, anayenda pa mitengo italiitali yomangirira kumiyendo mtunda wa makilomita pafupifupi 90 mpaka mumzinda wa Quebec kuti boma liwamvere. Mu 1984 boma la Quebec linawapatsa ndalama pa chikondwerero cha zaka 450 chifikireni Jacques Cartier ku Canada, ndipo Guy Laliberté anakhazikitsa gululo. Analibe mikango kapena njovu. Chuma chawo chinali thupi la munthu, nyimbo, zovala ndi nkhani yolumikiza zonsezo. Ku Cape Town kuli Zip Zap Circus kuyambira 1992, ndipo ku Lusaka achinyamata a ku Chibolya anayambitsa Circus Zambia, kumene ana a m'komboni amaphunzira masewerowa.

Nanga Mangochi akusowa chiyani pa zipangizo zimenezi? Kuyenda pa mitengo italiitali makanja a Gule Wamkulu amakudziwa kuyambira kale, ndipo kwa Nankumba gule ameneyu alipo, ngakhale iye ali ndi eni ake ndi miyambo yake yoyenera kulemekezedwa. Kupidiguka ndi kugubuduka kuli m'masewe a Ayao. Dongosolo la gulu, maudindo ndi sewero zili mu beni kwa zaka zoposa 100. Owonera aliponso, chifukwa kuchokera ku Cape Maclear mpaka ku Nkopola alendo sasowa, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikapo kuno zaka zingapo. Chosowa ndi zimene anyamata a ku Quebec anapatsidwa: munthu wokhulupirira kuti luso lawo ndi ntchito, n'kuikapo ndalama.

Zoyenera kuchita si zapatali. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili pa boma pomwepa, iyenera kujambula nyimbo za beni ndi kulemba mbiri ya gulu lililonse okalamba odziwa mayina a makingi akale asanathe. Khonsolo ya boma pamodzi ndi mafumu akhazikitse mpikisano wa pachaka wa magulu a kwa Mponda, Makanjira, Jalasi, Chimwala ndi Katuli, wokhala ndi mphotho yooneka. Mahotela azilemberana pangano ndi ovina n'kuwalipira monga momwe amalipirira oimba a magitala ochokera ku Blantyre. Ndipo achinyamata amene amaphunzira zisudzo m'sukulu zathu zaukachenjede abwere kudzakhala pansi ndi atsogoleri a beni, kuti pamodzi apange sewero lathunthu la nkhondo ya chiwaya, losimbidwa ndi zidzukulu za amtengatenga eni ake. Agogo aja anapanga beni alibe ndalama, alibe chilolezo, mapewa adakali ndi zipsera za katundu. Ife amene tili ndi misewu ya tala, mawayilesi ndi intaneti tilibe chifukwa chomveka chomusiyira kukhala gule wongotsegulira misonkhano ya ena.