Kufupa

Kufupa ndi kupereka kangachepe kwa munthu amene wakusangalatsani ndi luso lake, pomwepo, anthu akuona. Pabwalo la gule wamkulu anthu amaponya ndalama patsogolo pa chilombo chimene chatimba bwino, ndipo woimba ng'oma waluso amamuikira kanthu m'thumba nyimbo isanathe. Kufupa si kulipira. Malipiro mumagwirizana kale, koma chofupa chimabwera mtima ukagunda, ndipo wolandirayo amadziwa kuti nyimbo yake yafika.

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaletsa misonkhano ikuluikulu, oimba ambiri anayamba kuimba pa Facebook ndi pa YouTube, anthu akuonera nthawi yomweyo pafoni. Mawu akuti kufupa anasamukira komweko. Woimba amaika nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba pansi pa kanema, wina ali ku Mzuzu n'kutumiza ndalama, n'kupempha nyimbo, dzina lake n'kutchulidwa. Pa TikTok amafupa ndi timphatso togula.

Koma kutumiza kamtima kapena kulemba kuti "moto!" n'kuomba m'manja chabe. Woimbayo wagula bandulo, walipira oimba zida. Ngati wakusangalatsani, mufupeni.