Mkangano wa Python 2 ndi Python 3

Mkangano wa Python 2 ndi Python 3 unali kusamvana pakati pa anthu okonza ndi ogwiritsa ntchito Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, kuyambira mu 2008 mpaka mu 2020. Python ndi ya open source, kutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu woona ndi kusintha mmene inalembedwera, ndipo ambiri oisamalira amagwira ntchitoyo mongodzipereka. Nkhani inagona pa mtundu wakale: usamalidwe mpaka liti watsopano ukatuluka, ndipo ntchitoyo aisenze ndani.

Chiyambi

Python 3.0 inatuluka mu Disembala 2008. Guido van Rossum, yemwe anayambitsa Python, pamodzi ndi anzake anasintha mwadala mbali zina za chilankhulochi komanso API yake, yomwe ndi njira zokhazikika zimene mapulogalamu ena amatsata pogwiritsa ntchito Python. Mapulogalamu ambiri a Python 2 sankayenda mu Python 3 popanda kukonzedwa. Mwachitsanzo, 3/2 inkapereka 1 mu Python 2, koma mu Python 3 imapereka 1.5. Kusintha kovuta kwambiri kunali pa malemba. Python 3 inalekanitsa malemba a Unicode ndi ma byte. Izi zimathandiza kuti zilembo ngati ŵ zisamasokonekere, koma zinachititsa kuti mapulogalamu akale aunikidwe mzere ndi mzere.

Kusamvana

Makampani ndi akatswiri a sayansi omwe anali ndi mapulogalamu akuluakulu ankati kusamuka kukudya nthawi ndi ndalama pomwe phindu lake silikuoneka. Iwo ankadikira kuti ma library omwe amadalira asamuke kaye, nawonso eni ma library ankadikira ogwiritsa ntchito. Okonza Python ankayankha kuti anthu ongodzipereka sangasamale mitundu iwiri mpaka kalekale, chifukwa vuto limodzi limayenera kukonzedwa ndi kuyesedwa kawiri. Python 2.7 inatuluka mu 2010, ndipo chikalata cha PEP 404 chinalengeza kuti Python 2.8 sidzakhalapo.

Mtolo wolemera unagwera eni ma library, omwe ankayenera kulemba code imodzi yoyenda mbali zonse ziwiri. Ambiri ankadalira six ya Benjamin Peterson, yomwe dzina lake linachokera pa kuchulukitsa 2 ndi 3. Okonza Python nawonso anagonjako pang'ono: mu Python 3.3 ya 2012 anabwezeretsa kalembedwe kakale koika u kutsogolo kwa malemba, pofuna kuchepetsa ntchito yosamuka.

Mathero

Poyamba Python 2.7 inkayenera kusiya kusamalidwa mu 2015, koma mu 2014 Van Rossum analengeza kuti nthawiyo yawonjezedwa mpaka 2020. Chimene chinakankha anthu kwenikweni ndi pamene ma library otchuka anayamba kusiya Python 2. Django 2.0 ya Disembala 2017 inkayenda pa Python 3 yokha, ndipo NumPy inalekezera Python 2 pa mtundu wa 1.16. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, ndipo mtundu womaliza, 2.7.18, unatuluka mu Epulo chaka chomwecho. Makampani ena, monga Red Hat, anapitiriza kuisamalira kwa makasitomala awo olipira.