Thanzi ORS

Thanzi ORS ndiwo ufa wa mchere ndi shuga wa m'kapaketi, umene anthu a ku Chinakanaka, m'boma la Mulanje, amaulandira kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo, makamaka m'dzinja pamene zitsime zadetsedwa, pakuti walira mvula walira matope. Ngakhale suletsa kutsekula m'mimba, shuga wakeyo amathandiza matumbo kuyamwa mchere pamodzi ndi madzi, kotero kuti thupi limene linayamba kufota limatsitsimukanso. Paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi owiritsa, osapungula madziwo, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Mwana amene akutsekula m'mimba apitirize kuyamwa, alandirenso mapilitsi a zinki masiku 10 kufikira 14. Koma akalefuka, akakana kumwa, kapena chimbudzi chikatuluka ndi magazi, amayi athamangire naye kuchipatala.