Chinsinsi cha Munthu: Kuchokera pa Kalata Kufika pa Foni

Lero tipite ku Thyolo, kuminda ya tiyi. M'zaka za m'ma 1970, wothyola tiyi akafuna kulembera mbale wake wa kumigodi ya Johannesburg, ankayamba wasinkhasinkha mawu alionse. Ankadziŵa kuti kalata ikhoza kutsegulidwa panjira, ndiponso kuti lamulo la chitetezo cha dziko linkalola boma kutsekera munthu osamuzenga mlandu. Motero ambiri ankangolemba za mvula ndi matenda.

Pokumbukira mantha amenewo, Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, pa ndime 21, analetsa kusuzumira m'makalata ndi m'mafoni a anthu.

Komabe nkhani sinathere pomwepo. Mu 2011 kunabuka mkangano pa makina amene bungwe la MACRA linagula, omwe anthu anawatcha makina aukazitape. Khoti Lalikulu linawaletsa mu 2012, koma Khoti la Apilo linawaloleza mu 2014. Lamulo la za intaneti la 2016 lamangitsapo anthu chifukwa cha zolemba zawo pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo mu 2018 nambala iliyonse ya foni inayenera kulembetsedwa ndi chitupa cha mwini wake. Lamulo loteteza mbiri za anthu linadza mu 2024.

Mdzukulu wa wothyola tiyi uja salembanso kalata. Amagwiritsa ntchito foni. Ndime 21 ikumutchinjiriza nayenso, koma ufulu wosaudziŵa mwini wake suchedwa kulandidwa. Wakutsina khutu ndi mnansi.