Chikumbu cha pa Chilumba cha Frégate

Chikumbu cha pa Frégate, chimene katswiri wina wotchedwa Solier adachitcha Polposipus herculeanus m'chaka cha 1848, ndi cha banja la Tenebrionidae, ndipo pansi pa thambo palibenso kwina kumene chimadzikhalira kutchire koma pa chilumba chimodzi cha ku Seychelles, chimene chili pafupifupi makilomita 55 kummawa kwa chilumba cha Mahé, ndipo kukula kwake kungopitirira pang'ono masikweya kilomita 2.

Utali wa chikumbuchi umafika masentimita 3. Thupi lake nlotuwa moderako, ndipo pamsana pali timatuza tolimba ngati njerewere, kotero kuti chikakangamira pa khungwa la mtengo usana, diso la munthu limachipitirira osachizindikira. Chimayenda usiku, ndipo mphutsi zake zimakulira m'mitengo yowola. Chikaopsedwa chimadzigwetsa pansi, nkudziumitsa monga chakufa, kapena kutulutsa madzi onunkha amene amathimbiriritsa khungu. Koma chachikulu nchakuti mapiko ake adamatana, sichiuluka. Chifukwa chake tsoka lililonse lofika pachilumbapo limachipeza chilibe kothawira, pakuti kumene kwathera mtunda kwayambira nyanja.

Ena amati kale chikumbuchi chidapezekanso pa Round Island, kufupi ndi Mauritius, kumene mbuzi ndi akalulu obwera ndi anthu adapululutsa nkhalango, ndipo kumeneko sichidaonekenso. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: m'chaka cha 1995 makoswe adalowa pa Frégate, naswana msanga, nayamba kudya zikumbu zimene makolo ake sadadziwepo mdani wotere. Pamenepo bungwe la Zoological Society of London lidatengako zina kukaziweta ku London, kuti mbewu yake ingatheretu. Ngakhale kumeneko ntchito sidali yapafupi, popeza nthenda ya chuku idapha zambiri mwa zowetedwazo. Makoswe aja adaphedwa onse ndi mankhwala mu 2000, ntchito yoyenera kuitama ndithu, ndipo zikumbu zidayambanso kuchuluka.

Vuto lina lidadza ndi nthenda yofotetsa mitengo ya sandragon, imene zikumbuzi zimakonda kukhalamo, ngakhale zimapezekanso pa mitengo ina. Tsono moyo wa mtundu wonsewu wagona pa kusamala kwa iwo oyang'anira ngalawa ndi katundu wotsika pa Frégate, pakuti khoswe mmodzi wa bere ndi wokwanira kubwezeretsa tsoka la 1995.