Liwiro ndi Kagundidwe ka Nyimbo m'Makwaya a ku Kafue Estates

Liwiro la nyimbo, lomwe oimba ambiri amangoti tempo, ndi kufulumira kapena kudekha kwa kugunda komwe nyimbo imayendapo. Limawerengedwa pa mphindi imodzi: nyimbo ya 60 imagunda kamodzi pa sekondi, ya 120 imagunda kawiri, ngati mapazi a asilikali pa perete. Kagundidwe ndi mmene mawu aatali, aafupi ndi malo opumira amayalidwira pa kugundako.

Mbiri

Chipangizo choyezera liwiro, metronome, anachipanga ndi Dietrich Nikolaus Winkel ku Amsterdam mu 1814, koma amene anachilembetsa m'dzina lake mu 1815 ndi Johann Maelzel. Pofika 1817, Beethoven anali atayamba kuika manambala a chipangizochi pa nyimbo zake. Chisanabwere, olemba nyimbo ankadalira mawu a Chitaliyana monga adagio, andante ndi allegro, omwe akadalipo m'mabuku. Metronome yachikale imayambira pa 40 kulekezera pa 208.

Kuno kwathu ku Zambia kulemba nyimbo kunafika ndi amishoni, kudzera mu tonic sol-fa yomwe John Curwen anafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800. Koma mmodzi wa amishoniwo anadzakhala wophunzira wa ng'oma zathu. Arthur Morris Jones, yemwe anatsogolera St Mark's College ku Mapanza kuyambira 1929, anakonza makina amagetsi olemba pa pepala loyenda nthawi yeniyeni ya kugunda kulikonse kwa woimba ng'oma. Anaonetsa kuti ng'oma zimatha kuyambira malo osiyana, ina ikugunda katatu pomwe inzake yagunda kawiri, gule osasokonekera. Buku lake, Studies in African Music, linatuluka mu 1959.

Ku Kafue Estates

Nyumba za ku Estates zinamangidwira antchito a m'mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, ndipo ntchito inasonkhanitsa Atonga, Abemba, Alozi ndi anthu a ku Chipata. Aliyense anabwera ndi kaombedwe kake ka m'manja. N'chifukwa chake pulakatisi ya kwaya kumeneko imakoma kuionera. Kwayamasitala sayamba ndi manambala. Amagunditsa chidendene pansi, n'kuomba m'manja kanayi, asoprano n'kulowa. Abesi akachedwa amauzidwa kuti "mukukoka". Achinyamata akatengeka pa kolasi, mawu ake ndi akuti "mwathamanga, bwererani". Wogwira chisekese ndiye wotchi ya gulu lonse, ndipo kwaya yanzeru simpatsa chisekese munthu wongobwera kumene. Mapazi nawonso amawerenga: sitepe ya kumanja ndi kumanzere ikangosiyana pamzere wakutsogolo, dziwani kuti nyimbo yayamba kale kupendekeka.

Pa pepala la sol-fa nthawi imalembedwa ndi zizindikiro zazing'ono zomwe ambiri amazidumpha pothamangira d, r, m. Madontho awiri amalekanitsa kugunda, dontho limodzi limagawa kugunda pakati, ndipo kamzere kamatanthauza kuti mawu apitirire. Pamene pali kiyibodi, woimba kiyibodiyo amasankha biti ndi nambala yake, kwaya n'kutsatira makina. Izi zimathandiza pa nyimbo zachangu zotengera kalindula, kaimbidwe kochokera ku Luapula komwe anatchukitsa P.K. Chishala ndi anzake, koma nyimbo ya pamaliro imafuna mpata wopuma umene makina sapereka.

Mwina kusunga nthawi n'kumene kumathandiza anthu a zilankhulo zosiyana kuimbira pamodzi msanga.

Kayesezedwe

Masiku ano metronome imapezeka pa foni. Woyeseza amayamba pa liwiro lotsika, mwachitsanzo 60, n'kuomba m'manja kagundidwe ka mzere wovutawo asanauimbe. Ukakhazikika, amakweza pang'onopang'ono mpaka pa liwiro lenileni. Ena amatsitsa mawu a foni kwa kanthawi uku akuimbabe, kenako n'kuwakweza kuti amve ngati akadali limodzi ndi kugunda kuja.