Kalondolondo, kawuniwuni ndi neti ya padooko

Mabungwe omwe si aboma ali ndi chiyankhulo chawochawo, ndipo ku Dwambazi, kumpoto kwa Nkhotakota komwe Chichewa chimasakanikirana ndi Chitonga, anthu anachizolowera kale. Mayi wogulitsa usipa m'mbali mwa msewu wa M5 akamva za wekishopu, amayamba wafunsa ngati kuli kangachepe. Ine sindimudzudzula. Tsiku lomwe wakhala m'kalasi, thandala lake limakhala lopanda kanthu, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho alawansi ndi mawu oyamba m'chiyankhulochi, ngakhale kuti m'mabuku a mabungwe amawalemba kumapeto.

Woyima kutsogolo masiku ano safuna kutchedwa mphunzitsi. Ndi fasiliteta, kapena wotsogolera zokambirana. Ganizoli lili ndi mizu yake. Paulo Freire wa ku Brazil ankatsutsa zoti munthu wamkulu azimuyesa wopanda kanthu m'mutu, ndipo Robert Chambers wa ku Britain ankalimbikitsa alangizi kuti ndodo yolozera aziyipereka kwa eni mudzi. Msodzi amene wakulira m'bwato amadziwa pomwe chambo chimaswanirana kuposa aliyense wochokera ku Lilongwe. Mukamupatsa mpata, akujambulirani malowo pamchenga ndi chala, n'kukuuzani chaka chomwe makoka anayamba kubwera opepuka. Koma mafasiliteta ambiri amagawa anthu m'magulu, kuwapatsa chipepala chachikulu ndi cholembera, kuwawombetsa m'manja, yankho ali nalo kale m'chikwama. Kumeneko ndi kuphunzitsa komwe kuja, kwangosintha dzina.

Mawu awiri amene anthu amasokoneza kwambiri ndi kalondolondo ndi kawuniwuni. Kalondolondo amatsata phazi: maphunziro anachitika kodi, anabwera anthu angati, amayi angati, ndalama inapita komwe inalembedwa? Ntchito imeneyi ndi yofunika, komanso ndi yosavuta, chifukwa pepala losainapo mayina limakwanira. Kawuniwuni amafunsa zomwe zasintha. Mu 1959 Donald Kirkpatrick wa ku America anayala masitepe anayi owunikira maphunziro: anthu akondwa nawo, aphunzirapo kanthu, asintha kachitidwe, ndipo pomaliza, paoneka phindu lanji. Kwathu kuno timathera pa sitepe yoyamba. Fomu imazungulira madzulo, envulopu isanatuluke, anthu atakhuta mpunga wa nyama. Ndani angalembe kuti maphunziro anali osathandiza?

Panyanja sitepe yachitatu imaoneka ndi maso. Makomiti a m'madooko, omwe anthu amangowatchula kuti ma BVC, anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula njira yoti anthu akumudzi azitenga nawo mbali posamala nsomba. Bungwe la Ripple Africa, lomwe lili ku Mwaya m'boma la Nkhata Bay, linayambitsa makomiti oteteza nsomba kumeneko, kenako ntchitoyo inafika ku Nkhotakota. Komiti yotere ingaphunzitsidwe kasanu za utsogoleri, setifiketi n'kukhomedwa pakhoma. Mayeso ake enieni amabwera m'mawa wina, wapampando akapeza neti ya udzudzu itadzaza tiana ta nsomba, mwini wake n'kukhala mlamu wake, kapena mphwake wa amfumu. Alanda kapena ayang'ana kumbali? Akalanda, amfumu amuyimira kumbuyo? Palibe fomu yomwe imafunsa zimenezi, ndipo aphunzitsi a utsogoleri ochepa okha ndi amene amazikambako, popeza ambiri amatanganidwa ndi udindo wa mlembi ndi msungichuma.

Za umwini ndingodutsapo. Mjigo ukawonongeka anthu n'kumanena kuti "wa bungwe uja wafa", yankho mwalimva kale. Banki m'khonde ndiye sifuna wina woikumbutsa za umwini, chifukwa ndalama zili m'bokosimo ndi za amayi eni ake, ndipo wochedwa pamsonkhano amalipira chindapusa popanda wochokera ku ofesi.

Mawu amene ndimawadandaula kwambiri ndi akuti opindula. Amamuyika munthu pansi, manja atatambasula, ndipo amasonyezanso komwe lipoti limalowera. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inalimbikitsa makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, ma VDC ndi ma ADC, kuti chitukuko chiziyambira kumudzi. Lamulo la mabungwe linasinthidwa mu 2022, ndipo NGORA, yomwe imayang'anira mabungwewa, imafuna malipoti chaka ndi chaka. Opereka thandizo amafunanso awo, m'Chingerezi. Mapepala onsewa amakwera galimoto kupita kumtunda. Bungwe lomwe likufunadi kukonza kagwiridwe kake ka ntchito litenge lipoti lomwelo, likaliwerenge pamsonkhano wa ADC kapena padooko m'Chichewa ndi m'Chitonga, kuphatikizapo tsamba la ndalama, kenako fasiliteta akhale pansi, asodzi ndi amayi oyanika nsomba anene ngati zolembedwazo ndi zomwe anaona.